Siling'i ya Mapatani Ikachita Ming'alu: Kukonza, Kuphimba Kapena Kuchotsa?

Kapepalaka ndi ka anthu olankhula Chichewa amene akukhala ku Britain m'nyumba zomangidwa kapena zokonzedwa chaka cha 2000 chisanafike, kaya nyumbayo ndi yanu, ya lendi kapena ya khonsolo. Kakufotokoza zoyenera kuchita ngati siling'i ya nyumba yanu ili ndi mapatani okhakhala ndipo yayamba kuchita ming'alu, kusenduka kapena kutsika.

Mfundo yofunika kuposa zonse ndi iyi: musapale siling'iyo, musaikhule ndi sandipepa ndipo musaibowole musanadziwe ngati muli asibesitosi kapena ayi. Siling'i yosakhudzidwa siivulaza munthu. Choopsa ndi fumbi limene limatuluka munthu akamaikonza mosasamala.

Kodi siling'i ya mapatani n'chiyani?

M'nyumba zambiri za kuno, siling'i si yosalala. Ili ndi mizere yozungulira ngati mamba a nsomba, timadontho tosongoka, kapena mikwingwirima yofanana ndi khungwa la mtengo. Mapatani amenewa ankapangidwa ndi phala lolimba lomwe amisiri ankalipaka pamwamba pa pulasitala, n'kulikongoletsa ndi bulashi kapena chipeso lisanaume. Anthu ambiri amangolitcha Artex, lomwe ndi dzina la kampani yodziwika kwambiri pa malondawa, ngakhale kuti panali makampani enanso.

Phalali linafala kwambiri kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, chifukwa linkabisa zolakwika za pulasitala ndipo linali lotsika mtengo. Kuti likhale lolimba, opanga ankathiramo asibesitosi woyera pang'ono, kawirikawiri osapitirira magawo asanu pa magawo 100 alionse. Anasiya kumuthira cha pakati pa zaka za m'ma 1980, koma katundu wotsala m'mashopu ndi m'nkhokwe za amisiri anapitiriza kugwiritsidwa ntchito kwa zaka zingapo. Boma linaletsa asibesitosi wabuluu ndi wabulawuni mu 1985, ndipo woyera analetsedwa mu 1999. N'chifukwa chake bungwe loona za chitetezo pa ntchito la Health and Safety Executive, lomwe mwachidule limatchedwa HSE, limalangiza kuti nyumba iliyonse yomangidwa kapena yokonzedwa 2000 isanafike tiziiona ngati ingakhale ndi asibesitosi.

Kodi asibesitosi ndi woopsa motani?

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi umene umanyenyeka kukhala timaulusi ting'onoting'ono kwambiri. Timaulusiti sitioneka ndi maso, tilibe fungo, ndipo timatha kuyandama mumpweya kwa maola ambiri. Munthu akatipuma timakatsakamira m'mapapo ndi m'kachikopa kokuta mapapo, ndipo thupi limalephera kutichotsa tonse.

Matenda amene amayamba chifukwa cha asibesitosi ndi awa:

• Mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo kapena kokuta ziwalo za m'mimba. Pafupifupi onse odwala khansayi anapumapo asibesitosi, ndipo mankhwala oichiritsiratu palibe.
• Khansa ya m'mapapo. Ngozi yake imakula kwambiri ngati munthuyo amasutanso fodya.
• Asbestosis, kutanthauza zipsera za m'mapapo zimene zimachititsa befu. Amadwala matendawa ndi anthu amene anapuma fumbi lambiri kwa zaka zambiri.
• Kukhuthala kwa kachikopa kokuta mapapo, komwe kumalepheretsa mapapo kufutukuka bwino.

Matendawa saonekera msanga. Pamatha zaka 15 mpaka 60 munthu asanayambe kudwala. HSE imanena kuti anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse ku Britain ndi matenda amenewa, ndipo ambiri mwa iwo anapuma fumbilo kuntchito zaka makumi angapo zapitazo: akalipentala, okonza mapaipi, amagetsi, omanga nyumba ndi okonza sitima za pamadzi.

Komabe musachite mantha. M'siling'i ya mapatani asibesitosi ndi wochepa, ndipo ndi womatirira mwamphamvu m'phala louma lija, nthawi zambiri pansi pa penti. Mukhoza kugona pansi pake zaka zonse popanda vuto. Ngakhale mng'alu waung'ono sutulutsa fumbi loti n'kudetsa nkhawa. Ngozi imayamba pamene wina watenga sandipepa, chopalira kapena makina n'kusandutsa phalalo fumbi m'chipinda chotseka, momwe ana amagona.

Kodi mungadziwe bwanji ngati muli asibesitosi?

Simungadziwe pongoyang'ana. Phala lokhala ndi asibesitosi ndi lopanda asibesitosi amaoneka chimodzimodzi, ndipo ngakhale mmisiri wodziwa ntchito kwa zaka zambiri sangasiyanitse ndi maso. Wina akakuuzani kuti "iyi ilibe, ndikuidziwa," musakhutire ndi mawu okhawo.

Njira yodalirika ndi kuyezetsa kachidutswa ka siling'iyo ku labotale yovomerezedwa ndi bungwe la UKAS. Ndi bwino kuti kachidutswako kachotsedwe ndi katswiri wophunzitsidwa ntchitoyi, yemwe amanyowetsa malowo, kudula pang'ono, n'kumatapo akamaliza. Popeza asibesitosi sankasakanikirana mofanana m'phala lonse, katswiriyo amatenga tizidutswa tingapo, ndipo chipinda chilichonse chiyenera kuyezedwa pachokha. Siling'i ya pabalaza ikapezeka yopanda asibesitosi, sizitanthauza kuti ya kuchipinda ilibenso, chifukwa mwina zinapakidwa zaka zosiyana.

Pemphani zotsatira zolembedwa ndipo muzisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba. Ndalama zoyezetsera ndi zochepa poyerekeza ndi zimene mungawononge poyeretsa nyumba yonse fumbi litamwazika. Ngati simunayezetse, chitani zonse ngati asibesitosi alimo.

Musanasankhe njira, fufuzani chimene chang'amba siling'iyo

Mng'alu ndi chizindikiro chabe. Mukaumata osathetsa gwero lake, ubweranso. Imani pansi, muunike ndi tochi, ndipo musagogode kapena kukankha siling'iyo.

Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wowongoka, nthawi zambiri umatsata polumikizana mabolodi a plasterboard. Matabwa a nyumba amafufuma ndi kufota malinga ndi nyengo, makamaka m'miyezi yozizira pamene zotenthetsera nyumba zimayaka tsiku lonse. Mng'alu wotere si woopsa.

Banga lachikasu kapena labulawuni, penti yotupa, kapena nkhungu zimasonyeza kuti madzi akudontha kuchokera kudenga, kubafa la pamwamba kapena m'paipi. Madziwo ayenera kutsekedwa ndipo siling'i iume kaye. Ngati madzi akudontha pafupi ndi babu, zimitsani magetsi a mbali imeneyo pa bokosi lalikulu ndipo muitane wodziwa za magetsi.

Siling'i yotsika ngati mimba, yokhala ndi ming'alu yokhotakhota yopita mbali zonse, imapezeka kwambiri m'nyumba zomangidwa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse isanachitike. M'nyumba zoterezi pulasitala ankapakidwa pa timatabwa topyapyala tokhomedwa motalikirana pang'ono, ndipo ankagwira polowa m'mipata yake. Zaka zikachuluka pulasitalayo amalekana ndi timatabwato. Ndi wolemera kwambiri, ndipo chidutswa chachikulu chingagwe mosayembekezereka. Chotsani bedi ndi mipando pansi pake, ndipo musalole ana kulowa m'chipindamo mpaka wodziwa ataiona.

Mng'alu wokula kuposa mamilimita 5, umene ukukulirakulira, kapena umene wadutsa siling'i n'kutsikira pakhoma, ungatanthauze kuti nyumbayo ikusuntha, makamaka ngati zitseko ndi mawindo ayambanso kuvuta kutseka. Apa pakufunika injiniya woona za kulimba kwa nyumba, osati wopaka pulasitala.

Njira zisanu zomwe mungasankhe

1. Kumata ming'alu ndi kupaka penti

Iyi ndi njira yoyenera ngati siling'i ndi yolimba, youma, ndipo ming'alu yake ndi yaing'ono. Mng'alu umadzazidwa ndi phala lofewa lomatira ming'alu, n'kusalazidwa ndi chala kapena nsanza yonyowa lisanaume, kenaka n'kupaka penti. Pentiyo imathandizanso kutsekera timaulusi tija. Musakulitse mng'alu ndi mpeni, musakhule ndi bulashi ya waya, ndipo musasalaze ndi sandipepa, ngakhale malangizo a pa chitini atanena choncho. Njirayi ndi yotsika mtengo ndiponso yosaopsa, koma mapatani amatsala ndipo mng'alu ungadzabwerenso patapita zaka.

2. Kupaka pulasitala wosalala pamwamba pake

Mmisiri amayamba wapaka mankhwala othandiza pulasitala kugwira, kenaka amapaka pulasitala wopyapyala kawiri mpaka mapatani atakwiririka. Siling'i imakhala yosalala ndipo asibesitosi amatsekeredwa mkati. Njirayi imayenda bwino ngati mapatani ndi osazama ndipo phala lakale likugwirabe mwamphamvu. Ngati likusenduka, kulemera kwa pulasitala wonyowa kungaligwetse.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Amisiri ambiri amakonda kuyamba ndi kupala timitu tosongoka ta mapatani kuti ntchito ifewe. Pamenepo ndi pomwe fumbi limatuluka. Ngati siling'i ili ndi asibesitosi kapena sinayezedwe, musalole kuti ipalidwe youma.

3. Kukhoma mabolodi atsopano pansi pa siling'i yakale

Mabolodi a plasterboard okhuthala mamilimita 9.5 kapena 12.5 amamangidwa ndi masikuluu pa mitanda ya matabwa imene yanyamula siling'i, kenaka amapakidwa pulasitala wosalala. Njirayi ndi yabwino pamene ming'alu ndi yambiri, mapatani ndi ozama, kapena pulasitala wakale wayamba kufooka koma mitanda ili bwino. Chipinda chimafupikako pang'ono, koma zotsatira zake zimakhalitsa.

Masikuluu amadutsa m'phala lakale, choncho pakufunikabe kusamala. Mmisiri wophunzitsidwa amapaka phala lonata kapena thovu pamalo obowola kuti ligwire fumbi, kapena amagwiritsa ntchito makina apadera oyamwa fumbi. Ayeneranso kudziwa pomwe padutsa mawaya a magetsi ndi mapaipi asanakhome chilichonse.

4. Kuchotsa phala la mapatani lokha

Phalalo limafewetsedwa ndi mankhwala onata opangidwira ntchitoyi kapena ndi nthunzi, kenaka limapalidwa lili lonyowa. Likachotsedwa bwino, asibesitosi amachokeratu m'nyumba. Koma ntchitoyi ndi yochedwa, yodetsa, ndipo imasokoneza phala lonse la m'chipindamo. Si ntchito yoti muyesere nokha Loweruka madzulo mutaonera kanema pa intaneti.

5. Kugwetsa siling'i yonse ndi kumanga ina

Njirayi ndi ya pamene siling'i yawola ndi madzi, yatsika kwambiri, kapena mitanda yake ikufunika kukonzedwa. Ndiyo yodula kuposa zonse ndipo imatulutsa fumbi ndi zinyalala zambiri. Banja liyenera kuchoka m'chipindamo, mwinanso m'nyumbamo, mpaka ntchito itatha.

Dziwaninso kuti m'nyumba zina, makamaka m'mafulati ndi m'magalaja, mapatani anapakidwa pa mabolodi ena amene nawonso ndi a asibesitosi, otchedwa asbestos insulating board. Mabolodi amenewa ali ndi asibesitosi wambiri ndipo amanyenyeka msanga. Kuwachotsa ndi ntchito ya kampani yokhala ndi laisensi ya HSE. N'chifukwa chake woyeza ayenera kuona phala la pamwamba pamodzi ndi chimene chili kuseri kwake.

Kodi musankhe iti?

Ngati zotsatira zasonyeza kuti asibesitosi mulibe, sankhani malinga ndi kulimba kwa siling'i ndi ndalama zimene muli nazo. Fumbi la pulasitala nalonso si labwino kupuma, choncho valani masiki.

Ngati asibesitosi alimo koma siling'i ndi yolimba, kuisiya kapena kuiphimba nthawi zambiri n'kwabwino kuposa kuichotsa. Ambirife tikamva kuti m'nyumba muli chinthu choopsa timafuna chichoke lero lomwe. Pa nkhani iyi kufulumirako ndi kumene kumabweretsa ngozi, chifukwa kuchotsa ndiko kumadzutsa fumbi lomwe linali gone.

Ngati asibesitosi alimo ndipo siling'i ikusenduka, yanyowa kapena ikugwa, kuphimba sikuthandiza. Iyenera kuchotsedwa ndi anthu ophunzitsidwa.

Mukasankha kuphimba, lembani kuti pansi pa pulasitala kapena mabolodi atsopanowo pali asibesitosi. Uzani wamagetsi aliyense wobwera kudzaika mababu, ndipo mukamadzagulitsa nyumbayo muuze wogula. Munthu amene angadzabowole siling'iyo zaka khumi zikubwerazi sangadziwe ngati inu simunasiye mawu.

Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi

Musakonze nokha. Kukonza siling'i yowonongeka ndi udindo wa mwini nyumba, kaya ndi munthu, khonsolo kapena bungwe lobwereketsa nyumba. Mudziwitseni polemba kalata, imelo kapena meseji, mutumize zithunzi, ndipo musunge zonse ndi madeti ake. Funsani ngati nyumbayo inayezedwapo za asibesitosi, ndipo pemphani kuona lipoti lake. Ngati mukufuna kukhoma chilichonse m'siling'i, funsani kaye.

Ku England ndi Wales, asibesitosi ali m'gulu la zoopsa zimene akuluakulu a zaumoyo a khonsolo amayang'ana akamayendera nyumba motsatira lamulo la Housing Act 2004. Mwini nyumba akamanyalanyaza, kapena akatumiza munthu woti adzapale siling'i youma inu muli momwemo, muli ndi ufulu wokana ndi wodziwitsa nthambi ya Environmental Health ya khonsolo yanu. Malamulo a nyumba ku Scotland ndi Northern Ireland ndi osiyanako, koma nakonso khonsolo ndi poyambira pabwino. Musasiye kulipira lendi musanalandire uphungu, chifukwa kutero kungakuikeni pa ngozi yotulutsidwa m'nyumba.

Kusankha mmisiri

Lamulo la Control of Asbestos Regulations 2012 limafuna kuti aliyense wogwira ntchito yokhudza asibesitosi akhale wophunzitsidwa. Ntchito ya pa siling'i ya mapatani kawirikawiri siifuna laisensi, koma kuchotsa malo aakulu ndi nthunzi kapena mankhwala onata kungafune kuti boma lidziwitsidwe ntchito isanayambe. Maphunziro ongozindikiritsa munthu za asibesitosi si okwanira kuti achotse. Pamafunika maphunziro a ntchito yeniyeniyo.

Ambirife timadalira mnzathu wa kutchalitchi kapena wachibale wodziwa zomangamanga, ndipo nthawi zina kufunsa mapepala kumaoneka ngati kumukayikira. Mafunsowa amateteza iyeyo poyamba, chifukwa ndi amene adzaime pansi pa fumbilo tsiku lonse n'kupita nalo kwa ana ake m'zovala. Funsani:

• Kodi munaphunzira ntchito ya asibesitosi? Ndingaone satifiketi?
• Kodi inshuwalansi yanu imaphatikiza ntchito imeneyi?
• Muchita bwanji kuti fumbi lisafalikire m'nyumba?
• Zinyalala mukazitaya kuti, ndipo mundipatsa pepala lotsimikizira?

Ntchito ikamagwiridwa moyenera mudzaona izi: katundu watulutsidwa, pansi payalidwa pulasitiki wokhuthala, chitseko chatsekedwa, mmisiri wavala ovololo yotaya akamaliza ndi masiki ya mtundu wa FFP3 yomukwana bwino, siling'i ikunyowetsedwa, ndipo poyeretsa akugwiritsa ntchito nsanza zonyowa ndi makina oyamwa fumbi a Class H. Masiki ya nsalu kapena ya kuchipatala siitchinga timaulusi ta asibesitosi. Funsani mitengo kwa amisiri angapo, ndipo zonse zimene mwagwirizana zilembedwe.

Kutaya zinyalala

Zinyalala za asibesitosi sizitayidwa m'bini ya pakhomo, m'bini ya zinthu zokonzedwanso, kapena m'chibini chachikulu cha zinyalala wamba za omanga. Zimaikidwa m'matumba awiri olimba, lina mkati mwa linzake, omangidwa bwino ndi olembedwa chenjezo. Ovololo, masiki, nsanza ndi pulasitiki woyala pansi zimatayidwa chimodzimodzi. Makhonsolo ena amabwera kudzatenga, ena ali ndi malo apadera otayirako, ndipo malamulo ake amasiyana. Funsani khonsolo yanu ntchito isanayambe. Kutaya zinyalalazi m'mbali mwa msewu ndi mlandu.

Ngati siling'i yagwa, kapena mwaipala kale

• Siyani ntchito nthawi yomweyo ndipo tulutsani aliyense m'chipindamo, ndi ziweto zomwe.
• Tsekani chitseko ndipo tsekani mpata wa pansi pake ndi nsanza yonyowa.
• Musasese ndi tsache ndipo musagwiritse ntchito makina oyamwa fumbi a pakhomo, chifukwa amauluzira timaulusi m'nyumba monse.
• Vulani zovala zafumbi pang'onopang'ono osazikutumula, muziike m'thumba la pulasitiki, kenaka musambe thupi lonse ndi tsitsi.
• Dziwitsani mwini nyumba, kapena itanani katswiri kuti adzayeze ndi kuyeretsa.
• Ngati wina wavulala kwambiri ndi zidutswa zakugwa, imbani 999.

Kupuma fumbi lochepa kamodzi kokha sikubweretsa matenda kwa anthu ambiri. Ngozi imakula malinga ndi kuchuluka kwa fumbi ndi kutalika kwa nthawi. Palibe ekisileyi kapena kuyeza magazi kumene kungasonyeze ngati mwapuma timaulusi dzulo. Chimene mungachite ndi kupempha GP wanu kuti alembe m'mbiri yanu ya zaumoyo tsiku, malo ndi nthawi imene munakhala m'fumbilo. Ngati mumasuta, kusiya fodya ndilo thandizo lalikulu limene mungapatse mapapo anu, ndipo NHS ili ndi chithandizo chaulere cha ofuna kusiya.

Uzani dokotala mbiri yanu yonse

Ena mwa inu munakumana ndi asibesitosi musanabwere kuno. Ku Zimbabwe asibesitosi woyera ankakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo ku South Africa kunali migodi ya wabuluu ndi wabulawuni, monga ya m'dera la Kuruman ndi ya Penge. Nyumba zambiri za kum'mwera kwa Africa zinafoleredwanso ndi malata a simenti wosakaniza ndi asibesitosi. Ngati munagwirapo ntchito kumgodi, munakulira pafupi ndi mgodi, munkachapa zovala za wogwira ntchito kumeneko, kapena munkadula malata oterowo, uzani GP wanu ngakhale papita zaka zambiri. Dokotala wa kuno sangaganize zofunsa zimenezi.

Pitani kwa GP ngati muli ndi chifuwa chosatha kwa milungu itatu kapena kuposerapo, befu, ululu wa m'chifuwa kapena paphewa umene sukutha, kutopa kwambiri, kuonda popanda chifukwa, kapena ngati mukutsokomola magazi. Zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena, monga chifuwa chachikulu cha TB, ndipo onsewa amafunika kupimidwa msanga.

Komwe mungapeze thandizo

• Khonsolo ya dera lanu: za kutaya zinyalala ndi madandaulo a nyumba za lendi.
• Tsamba la intaneti la HSE: malangizo otchedwa Asbestos essentials, omwe akufotokoza kagwiridwe ka ntchito pa siling'i ya mapatani.
• Tsamba la intaneti la UKAS: mndandanda wa malabotale ndi makampani oyeza ovomerezeka.
• Citizens Advice ndi Shelter: uphungu waulere pa ufulu wa anthu a lendi.
• GP wanu, kapena NHS 111 ngati mukufuna malangizo a zaumoyo mwamsanga.

Ngati Chingerezi chimakuvutani, pemphani womasulira pamene mukupangana tsiku lokaonana ndi dokotala. Ku NHS thandizo la womasulira ndi laulere, ndipo zonse zimene mwakambirana zimasungidwa mwachinsinsi.